Mafunso Amene Mayi Safunsa Dokotala Akamachotsedwa Chiberekero

Dokotala akamazungulira m'wodi ya amayi m'mawa, amaima pa bedi lililonse mphindi zochepa chabe. Amaona bala, amayang'ana pepala la kutentha kwa thupi, nafunsa wodwala m'mene wadzukira. Ndipo mayi, pokhala munthu woleredwa ndi ulemu, amayankha kuti wadzuka bwinoko. Dokotala akapitirira, mayi uja amatembenukira kukhoma nafunda chitenje kumutu. Amene amatsala naye ndi namwino. Ndiye amabwera ndi mankhwala masana, ndiye amasintha diripi pakati pa usiku, ndiyenso angathe kumva, ngati ali ndi khutu, kuti pansi pa chitenje chija munthu sali m'tulo koma akulira motsitsa mawu kuti anzake asadziwe.

M'nkhani ino tikamba za amayi amene amachitidwa opaleshoni chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero, ndiponso za mbali ina ya ntchito ya namwino imene siilembedwa pa pepala la mankhwala, ndiyo kusamala mtima wa wodwalayo. Tikulembera anamwino ndi azamba athu, koma abambo, apongozi ndi abale onse amene amadwazika matendawa apezamo zowakhudza.

Bungwe lofufuza za khansa la International Agency for Research on Cancer lidayerekeza kuti m'chaka cha 2020 amayi 4,145 adagwidwa ndi khansa imeneyi m'Malawi muno, ndipo amayi 2,905 adamwalira nayo. Tikagawa chiwerengero chimenechi ndi masiku a chaka, tipeza maliro pafupifupi 8 tsiku lililonse. Ndi maiko owerengeka okha pa dziko lonse lapansi amene adafika pamenepa. Kwa namwino, nambala zimenezi zikutanthauza kuti mayi wagona pa bedi uja sadayambire kwa dokotala kumva dzina la nthendayi. Adalimva kumudzi, pa maliro a mnansi kapena mbale amene adataya magazi miyezi yambiri, anthu akumulambalala chifukwa cha fungo, kufikira adatsikira kuli chete. Motero dokotala akangotchula khansa, mayi amaona manda, ndipo mawu onse otsatira amangomudutsa.

Komatu m'mawu odutsawo muli uthenga wabwino. Opaleshoni yotere sachita pa wodwala aliyense. Amaichita pamene nthenda ikadali pa khomo la chiberekero, isanayale mizu m'ziwalo zina. Amayi ambiri a kuno kwathu amafika kuchipatala mochedwa, nthawi ya opaleshoni itadutsa kale. Tsono mayi amene wauzidwa kuti alowa m'fiyeta ali m'gulu la amene ali ndi mwayi weniweni wochira. Iye sadziwa zimenezi. Amaganiza kuti mpeni ndi chizindikiro chakuti zinthu zafika poipa. Ntchito yoyamba ya namwino ndi kumuuza choona chimenechi mwa mawu a kumudzi, ndi kubwerezanso mawa lake, pakuti munthu wamantha sagwira nkhani pa ulendo umodzi.

CHIMENE AMACHOTSA

Namwino sangatonthoze munthu pa chinthu chimene iye mwini sachidziwa bwino. Opaleshoni yaikulu ya khansayi idatchuka ndi dokotala wa ku Vienna, Ernst Wertheim, amene adaichita koyamba m'chaka cha 1898, ndipo kufikira lero madokotala ena amaitchula ndi dzina lake. Amachotsa chiberekero chonse pamodzi ndi khomo lake, minofu yozungulira khomolo, kachigawo ka kumtunda ka njira yoberekera, ndiponso anabere a m'chiuno kumene nthenda imayambira kuthawira. Timatumba ta mazira nthawi zina amatisiya, makamaka mwa mayi wachitsikana, ndipo nthawi zina amatichotsa. Odwala ena amayamba alandira mankhwala a khansa a m'diripi kuti chotupa chichepe asanalowe m'fiyeta, ndipo ena mwa mankhwalawo amathothola tsitsi. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito ya khansa imeneyi pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo m'chaka cha 2018, ndipo cha kumapeto kwa 2019 kudatsegulidwa fiyeta yochitiramo maopaleshoni amenewa. Kuchokera pamenepo amayi ochuluka adayamba kubwerera kumudzi ali moyo koma alibe chiberekero, ndipo midzi yathu siinazolowere kuwalandira.

USIKU WOMALIZA

Nkhanga zidapangana kusanapse. Mtima wa wodwala amaukonza asanalowe m'fiyeta, pakuti atatuluka amakhala ndi ululu ndi tulo ta mankhwala. Madzulo a tsiku lomaliza, pamene mayi wauzidwa kuti asadyenso kanthu, ndi pamene maganizo amamuchulukira. Namwino wanzeru amakoka mpando nakhala pansi, ngakhale kwa mphindi zisanu. Kukhala pansiko n'kofunika kuposa m'mene tiganizira. Munthu woimirira, wogwira tireyi ya mankhwala, amaoneka kuti ali pa ulendo, ndipo palibe mayi waulemu amene angamuchedwetse ndi mafunso.

Akakhala pansi, asayambe ndi kuphunzitsa. Ayambe wafunsa mayiyo chimene wamva kuti madokotala akamuchita mawa. Mayankho ake amadabwitsa. Wina amati akukamutsuka m'mimba. Wina amati akukachotsa chotupa chokha ndipo adzaberekanso. Wina adadinda chala pa chikalata chovomereza opaleshoni chifukwa adachita manyazi kunena kuti sadamve. Kudinda chala kotere si chilolezo, ndipo namwino akaona kuti mayi sadamvetse, ali ndi udindo woitananso dokotala kuti afotokoze bwino. Kachithunzi kojambula pa pepala, koonetsa chiberekero, khomo lake ndi njira yoberekera, kamathandiza koposa mawu ambiri, popeza amayi ochuluka adabereka ana asanu osaonapo chithunzi cha malo amene anawo adakhala.

Mantha a usiku umenewu ndi odziwika. Oyamba ndi akuti akagonekedwa ndi mankhwala sadzadzukanso, ndipo ana adzatsala ndi yani. Ena ndi mphekesera yofala m'midzi yakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imakwiya nifalikira thupi lonse. Mphekeserayi ili ndi pochokera pake: anthu adaona odwala ena amene adapita kuchipatala nthenda itafalikira kale, nawaona akumwalira pambuyo pa opaleshoni, ndipo adaloza chala mpeni. Namwino asaseke chikhulupiriro chimenechi. Afotokoze kuti opaleshoni imene yakonzedwayi cholinga chake ndi kuzula nthenda yonse pamene ili malo amodzi. Amuuzenso mayi chimene adzapeza podzuka: diripi pa mkono, bala pamimba, kapaipi ka mkodzo, mwinanso kapaipi kena kotulutsa madzi a m'bala. Kapaipi ka mkodzo kamakhala masiku angapo, nthawi zina milungu, chifukwa mitsempha ya chikhodzodzo imasokonezeka pa opaleshoni yotere ndipo imafuna nthawi kuti idzuke. Mayi amene adauzidwiratu amapirira. Amene sadauzidwe amaganiza kuti madokotala amuononga ndipo akumubisira.

Chimodzi chokha namwino asachite, ndicho kulonjeza zimene sadziwa. Mawu akuti musadandaule zonse zikhala bwino amatuluka msanga m'kamwa, ndipo kawirikawiri amatonthoza wonenayo kuposa womva. Amatsekanso nkhani, pakuti mayi amamva kuti dandaulo lake latopetsa. Kuli bwino kunena zoona zimene zilipo: kuti nthenda yapezeka pa nthawi imene ingachotsedwe, kuti pali munthu amene ntchito yake yonse m'fiyeta ndi kuyang'anira kupuma kwake ndi kugunda kwa mtima wake, kuti mankhwala oletsa ululu alipo ndipo asaope kuwapempha.

KODI NDIKADALI MKAZI?

Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani zina mwambiwu ngwoona, koma pa nkhani ya m'nyumba mayi wa kwathu kuno satsekula chitseko ngakhale m'mimba mutapota chotani. Adalangizidwa ali namwali kuti za kuchipinda sazitulutsa. Dokotala nthawi zambiri ndi mwamuna, kapena ndi mwana wamsinkhu wa ana ake, ndipo amabwera ndi gulu la ophunzira. Pa bedi loyandikana pali munthu wa m'mudzi woyandikana. Kodi mayi angafunse bwanji pamenepo ngati adzathanso kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake? Safunsa. Amapita nalo funsolo kumudzi, kumene adzaliyankha ndi anthu ongomva zam'maluwa.

N'chifukwa chake chitseko chimenechi ayenera kuchitsekula ndi namwino. Asankhe malo obisika, kachipinda kotsukira mabala kapena kumbuyo kwa katani, atsitse mawu, nanene kuti amayi ambiri amene adachitidwa opaleshoni yotere amakhala ndi nkhawa ya za m'banja, ndipo ngati nawonso ali nayo angathe kukambirana. Mawu akuti amayi ambiri ndi mfungulo yabwino, pakuti amachotsa manyazi a munthu woganiza kuti ndi iye yekha.

Zoona zake ndi izi. Mayi wochotsedwa chiberekero sadzasambanso ndipo sadzaimanso. Izi ziyenera kunenedwa poyera, popanda kuzungulira. Koma magazi a kumwezi sadzaunjikana m'thupi monga ena amaopera, popeza chimene chimapanga magaziwo ndi chiberekero chomwecho, ndipo chikachoka sapangidwanso. M'mimba simutsala dzenje. Matumbo amadzaza malo amene chiberekero chidali. Njira yoberekera imasokedwa kumtunda kwake, ndipo ngakhale imafupikako pang'ono, imakhalapobe. Bala la m'katilo likapola, kawirikawiri patapita milungu 6 kapena 8, dokotala ataona navomereza, mayi angathe kukhalanso malo amodzi ndi mwamuna wake. Masiku oyamba pangakhale kuuma kapena kuwawa, ndipo pali mafuta oyenera amene achipatala angalangize. Pamafunika kufatsa kwa onse awiri. Mwamuna sangatenge khansa kwa mkazi wake. Khansayi siipatsirana pa mphasa, pa mbale kapena pa chitenje.

Ngati timatumba ta mazira tachotsedwanso, thupi limafika mwadzidzidzi pa msinkhu wosiya kusamba, ngakhale mayiyo ali ndi zaka 35. Amamva kutentha kodzera m'chifuwa ndi kumaso, amatuluka thukuta usiku, tulo timasowa, mtima umapsa msanga. Mayi wosauzidwa amaganiza kuti nthenda yabwerera kapena kuti mutu wayamba kusokonekera. Auzidwe kuti zimenezi n'zodziwika ndipo adziwitse dokotala, chifukwa pali thandizo. Ena amatupa mwendo chifukwa cha anabere amene adachotsedwa, nawonso asabise.

Koma kufotokoza za thupi ndi theka chabe la ntchito. Funso lenileni la mayi ndi lakuti adzakhala yani pamudzi. M'miyambo yathu ulemu wa mkazi udamangiriridwa kwambiri ku uchembere. Mayi wa ana asanu ndi mmodzi angaoneke ngati alibe chodandaula, komabe nayenso amalira, ndipo kumuuza kuti ana muli nawo kale mukuliriranji ndi kumupweteka kawiri. Akulira chiwalo chimene chidamusandutsa ntchembere. Nanga mtsikana amene ali ndi mwana mmodzi, kapena alibe n'komwe, amene ali ku chitengwa pakati pa abale a mwamuna, kapena amene adalowoledwa ndi ng'ombe? Iyeyu amadziwa zimene alamu ake adzanena. Chisoni chake n'chofanana ndi cha maliro, ndipo pa maliro sitiuza namfedwa kuti aleke kulira. Timakhala naye pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: namwino amene angathe kukhala chete pambali pa munthu wolira, osafulumira kumutseka pakamwa ndi malangizo, adzamva zimene zili pansi pa mtima, ndipo pamenepo ndi pomwe adzadziwe thandizo loyenera.

ABAMBO AKHALEPO

Tanena za mantha a mayi, koma mwamuna nayenso ali ndi ake, ndipo alibe womufotokozera. Amakhala panja pa wodi kudikira nthawi yoona odwala, kapena adatsala kumudzi kusaka ndalama ya ulendo. Anzake pa bawo amuuza kale kuti mkazi wochotsedwa chiberekero ndi wozizira, kuti ndi chimodzimodzi mwamuna mnzake, kuti akamukhudza atenga nthenda. Maukwati ena amatha chifukwa cha mabodza amenewa, amene namwino akadatha kuwathetsa m'mphindi khumi. Motero, mayi akavomera, ndipo tibwereze kuti akavomera, namwino aitane bamboyo nawafotokozera onse awiri pamodzi. Mwamuna amene wamva ndi makutu ake kuchokera kwa wachipatala amakhala ndi choyankha kwa abale ake. Kumene kukuoneka kuti banja lagwedezeka, ankhoswe angathandize, koma iwonso ayenera kumva zoona zake poyamba, chifukwa nkhoswe yosadziwa imangoonjezera moto.

Pali funso lina limene limadya maanja mwakachetechete: nthendayi wabwera nayo ndani? Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachirombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye adaonetsa zimenezi, ndipo adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2008. Anthu akangomva kuti pogonana, amayamba kulozana zala. Mayi amadziimba mlandu kapena amakwiyira mwamuna. Mwamuna amakayikira mkazi. Namwino awauze kuti kachiromboka n'kofala kwambiri, kotero kuti anthu ambiri amene adakhalapo malo amodzi ndi munthu wina amakatenga nthawi ina pa moyo wao, ngakhale amene adadziwa munthu mmodzi yekha, ndipo mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Bungwe la World Health Organization limati pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa iyambe mwa mayi amene chitetezo cha thupi lake chili bwino, ndi zaka 5 mpaka 10 mwa amene chitetezo chake chidatsika. Palibe munthu angaloze tsiku kapena mwini wake. Bungwe lomwelo limatinso mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV ali pa chiopsezo chodwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Mayi wotere amasenza akatundu awiri, ndipo mwina wachiwiriyo sadauzeko ngakhale womudwazika. Namwino asamale lilime pa bedi lake, ndipo aonetsetse kuti mankhwala a ARV sakudukiza pa masiku a opaleshoni.

Za ufiti tingonena mwachidule. Mayi amene akukhulupirira kuti adalodzedwa sasintha maganizo chifukwa chomukalipira. Chofunika ndi chakuti amalize chithandizo, ndipo anene poyera ngati akumwa kapena kuika mankhwala achikuda, chifukwa ena angaononge bala.

MAWU A NAMWINO

Tisabise: anamwino athu ndi ochepa ndipo odwala ndi ambiri. Namwino mmodzi usiku angathe kuyang'anira wodi yodzaza, ena atagona pansi. Wina powerenga nkhani ino anena kuti nthawi yokhala pansi ndi wodwala aliyense aitenga kuti. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sitikulipeputsa. Komabe zambiri mwa zimene tikunenazi sizifuna nthawi yapadera. Potsuka bala namwino amakhala kale ndi wodwala mphindi khumi. Angathe kuzigwiritsa ntchito akucheza ndi mnzake za malipiro, kapena akufunsa mayiyo za ana amene adawasiya kumudzi. Kumutchula munthu dzina lake kapena kuti amayi, m'malo mwa nambala ya bedi, sikudya nthawi. Kumufunditsa asanamuvule, kutseka katani, kupempha chilolezo ophunzira asanaone, zonsezi ndi za kamphindi. Ndipo nkhope nayo imalankhula. Mayi amene wakhala miyezi akudziwa kuti akununkha amayang'anitsitsa mphuno ya aliyense womuyandikira. Namwino akakwinya nkhope kamodzi kokha, mayiyo sadzamuuzanso kanthu.

Ululu nawo uli ndi gawo lake pa mtima. Munthu amene bala likumuwawa sagona, ndipo wosagona amaganiza zoipa zokhazokha. Amayi ambiri amapirira chifukwa adaphunzitsidwa kuti mkazi salira ndi ululu, ena amaopa morphine poganiza kuti ndi mankhwala a munthu amene watsala pang'ono kufa. Namwino azifunsa za ululu, osadikira kuuzidwa.

PAMENE CHISONI CHASANDUKA NTHENDA

Kulira masiku oyamba n'kwachibadwa. Koma pali chisoni china chimene chimazika mizu nichisanduka nthenda yofuna chithandizo. Zizindikiro zake ndi kukhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kusakondweranso ndi zimene kale zidali zokondweretsa, ngakhale kubwera kwa ana, kukana chakudya, kusowa tulo kapena kungogona, kudziona wachabechabe, ndi mawu onga akuti kuli bwino ndingofa. Mawu otere asatengedwe ngati nthabwala kapena kudandaula wamba. Namwino afunse mosabisa, koma mwachifundo, ngati mayiyo waganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Kumamupatsa mpata wotula. Akavomera, asasiyidwe yekha, ndipo dokotala ndi namwino wa matenda a maganizo adziwitsidwe tsiku lomwelo. Anamwino ophunzira za maganizo amapezeka m'zipatala zazikulu ndi za m'maboma, ndipo pali chipatala cha boma cha matendawa ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu. Abale auzidwe kuti kuonana ndi wa zamaganizo sikutanthauza misala.

Thandizo lina lili pafupi kuposa pamenepa. Palibe mawu a namwino amene angapose kuona ndi maso mayi mnzako amene adachitidwa opaleshoni yomweyo chaka chatha, wabwera ku sikelo yake ali wonenepa, atamanga duku, akukamba za mtedza umene wakolola. Kumene kuli kotheka, ndipo iye atavomera, mayi wotere apemphedwe kucheza ndi amene akudikira. Abusa, ansembe ndi mashehe nawonso ali ndi malo ao, malinga wodwala awafune yekha. Womudwazika, amene amagona pansi pa bedi kapena kukhitchini ya odikira odwala, asaiwalidwe: ndiye adzapitirize ntchitoyi kumudzi, ndipo kawirikawiri nayenso watopa ndipo ali ndi mantha.

ULENDO WA KUMUDZI

Tsiku lotuluka m'chipatala limaoneka ngati lachimwemwe, koma kwa amayi ambiri ndi pamene nkhawa imakula. Zimene zidachotsedwa zija zimatumizidwa kukapimidwa, ndipo zotsatira zimatenga nthawi. Zotsatirazo ndizo zimanena ngati opaleshoni yakwanira kapena pakufunika chithandizo china, monga mankhwala a m'diripi kapena kuotcha nthenda ndi makina a radiotherapy. Kwa zaka zambiri makina amenewa mudalibe m'dziko muno, ndipo odwala ochepa amene adapeza mwayi ankatumizidwa kunja. Adayamba kupezeka kuno m'chaka cha 2024. Mayi auzidwiretu kuti kuitanidwanso kukalandira chithandizo china sikutanthauza kuti opaleshoni idalephera. Tsiku lobwerera lilembedwe momveka m'buku lake la kuchipatala, ndipo liwerengedwe mokweza kwa iye ndi kwa womudwazika. Afunsidwenso ngati ndalama ya ulendo idzapezeka, chifukwa ambiri amene sabwerera sikuti anyozera, koma asowa ya basi ndipo adachita manyazi kunena. Pa zaka ziwiri zoyamba amafunika kuonedwa pafupipafupi, miyezi ingapo iliyonse, monga dokotala adzalembera.

Kumudzi kukumudikira mtondo, khasu ndi ndowa. Kwa milungu 6 kapena kuposerapo sayenera kusinja, kulima kapena kusenza zolemera, koma kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku n'kwabwino. Mayi amene moyo wake wonse wakhala wotumikira ena amavutika mumtima kukhala pakhonde ena akugwira ntchito, ndipo apongozi osadziwa angamutche waulesi, popeza bala la pamimba lapola ndipo la m'kati saliona. Mawu a namwino kwa abale, ngakhale kakalata kopita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lakwao, kamamuteteza ku milomo yotere. Auzidwenso zizindikiro zobwerera nazo msanga osadikira tsiku: kutentha thupi, kutaya magazi, mafinya pabala, kulephera kukodza, mkodzo wongotuluka wokha, kapena kutupa ndi kuwawa kwa mwendo umodzi.

Pali ena amene zotsatira zao sizibwera bwino. Amenewa asamve mawu akuti palibenso chimene tingachite, chifukwa si zoona. Chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena chilipo, monga cha ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ndi cha Ndi Moyo ku Salima, ndipo zipatala za m'maboma nazo zili ndi anthu ophunzira ntchitoyi. Namwino amene wayenda ndi odwala otere amatenga chisoni chao kupita nacho kunyumba. Nayenso ndi mkazi kapena mwana wa mkazi, mwina sadapite n'komwe kukayezetsa chifukwa cha mantha omwewo. Akuluakulu a mawodi achita bwino kupereka mpata woti anamwino azikhala pansi okhaokha nthawi ndi nthawi kukambirana zimene zawalemera.

Funso lomaliza limene amayi ambiri amafunsa, akazolowerana ndi namwino, ndi la ana ao aakazi: kodi nawonso adzadwala? Apa namwino ali ndi yankho lokondweretsa. Khansayi si ya kumtundu yoti mwana n'kuyamwira. Katemera wa HPV adayesedwa koyamba m'maboma a Zomba ndi Rumphi m'chaka cha 2013, ndipo mu Januwale 2019 boma lidayamba kumupereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Mayi akafunse ku chipatala chaching'ono cha kwao ngati mwana wake adalandira. Ana ake aakuluakulu, ang'ono ake ndi anzake a kumpingo, kuyambira zaka 25 mpaka 49, akayezetse khomo la chiberekero, kumene achipatala amapaka viniga naona ngati pali malo oyera amene angathe kuotchedwa asanasanduke khansa. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Namwino alembe zimenezi pa tsamba lomaliza la buku lija, pansi pa tsiku lobwerera, kuti mayi akafika kumudzi akapeze womuwerengera.